Mayeso a ntchito omwe anandilowetsera mbava m'laputopu

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a pa kompyuta, makamaka mawebusayiti a mashopu, malo ogona alendo ndi timabungwe ting'onoting'ono. Ofesi ndilibe. Ndimagwirira pa tebulo la pabalaza kunyumba ku Lilongwe, ndipo pa nthawi yomwe ndikusimbayi ndinali ndi laputopu imodzi yokha. Mmenemo munali zonse: code ya makasitomala, mapasiwedi osungidwa mu Chrome, makiyi olowera m'maseva a anthu (makompyuta omwe mawebusayiti awo amakhalamo), zithunzi za ana, ngakhale kalata yofunsira malo a sukulu a mwana wanga woyamba.

Mu Julayi 2024, kukuzizira, ndinalandira uthenga pa tsamba lina lofunirapo ntchito. Wolembayo anati amasaka antchito a kampani ina ya kunja yomwe ikupanga pulogalamu ya ndalama za pa intaneti, ndipo waona ntchito zanga zamusangalatsa. Malipiro ake anali a madola, pa ola. Amene munali m'dziko muno kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mukudziwa zomwe mawu oti madola ankachita mumtima mwa munthu. Mtengo wa shuga, wa mafuta ophikira, wa bandulo, zonse zinali zitakwera, pomwe makasitomala anga ankalipirabe mitengo yakale ndiponso mochedwa. Ndinayankha pasanathe mphindi khumi.

Anali munthu waulemu, wolemba bwino, wosafulumira. Tinacheza masiku awiri. Anandifunsa za React ndi Node.js, mafunso enieni a munthu wodziwa ntchito. Kenako anati gawo lotsatira ndi kamayeso kakang'ono: pali pulogalamu yomwe ili ndi vuto pa tsamba lolowera, ndiitenge, ndiiyendetse pa kompyuta yanga, ndikonze vutolo, mawa lake tidzakambirane pa vidiyo. Anatumiza linki ya repository.

Kwa amene simuli m'ntchitoyi, repository, yomwe timangoti repo, ndi foda ya code pamodzi ndi mbiri ya kusintha kulikonse komwe kunachitikamo. Pulogalamu yomwe ambiri timasungira mbiriyo ndi Git, yomwe Linus Torvalds anailemba mu 2005 kuti azisungira code ya Linux. Ukafuna kope la repo ya munthu wina pa kompyuta yako umalemba git clone ndi linki yake. Ndi chinthu chomwe timachita kangapo pa tsiku osaganizako, ngati kutsegula chitseko cha kukhitchini.

Usiku umenewo magetsi anali atangobwera. Ndinalemba git clone, kenako cd yolowera mu fodayo, kenako npm install yokoka tizigawo ta code tomwe pulogalamuyo imafuna, kenako npm run dev yoiyambitsa. Zala zinachita zokha. Sindinatsegule fayilo ngakhale imodzi ndisanayendetse. Ndikukumbukira kuti fani ya laputopu inalira kwambiri kwa kanthawi, koma npm install imatero nthawi zonse, ndiye sindinalabadire. Tsamba linatseguka bwinobwino, lokongola, lamitundu ya buluu. Vuto la pa tsamba lolowera linalipodi. Ndinalikonza mu ola limodzi, ndikudzitama kuti mayesowa ndi a ana.

Mawa lake munthu uja sanabwere pa vidiyo. Ndinamulembera, sanayankhe. Tsiku lachitatu akaunti yake inali itasowa. Ndinangoti basi, apeza wina, ndinadandaula za madola aja n'kupitiriza maganyu anga.

Loweruka m'mawa foni inalira. Anali mayi ena omwe ali ndi malo ogona alendo kunyanja, kasitomala wanga wa zaka zitatu.

"Achimwene, mwadzuka bwanji? Tsamba lathu lija lavuta. Alendo akuti akafuna kusungitsa chipinda likungozungulira, silikutseguka."

"Ndadzuka bwino mayi, kaya inu. Mwina ndi netiweki, ndione kaye."

Sinali netiweki. Nditalowa mu seva yawo ndinapeza kapulogalamu kena kachilendo kakudya mphamvu yonse ya makina, kamtundu kaja kokumba crypto, ndalama za pa intaneti monga Bitcoin. Mu fayilo ya authorized_keys, momwe mumalembedwa makiyi ololedwa kulowa, munali kiyi yachiwiri yomwe sindinaikemo ine. Ndipo mbiri ya olowa inkaonetsa kuti mlendoyo poyamba analowa ndi kiyi yanga yomwe, usiku wa Lachitatu, ine ndili mtulo. Thupi lonse linazizira. Kiyi imeneyo inkakhala mu foda ya .ssh pa laputopu yanga, yopanda pasiwedi iliyonse, chifukwa ndinkaona kuti kulemba pasiwedi nthawi zonse n'kotopetsa.

Apa ndinachita cholakwa chachiwiri, ndipo ndikuchinena kuti wina asachibwereze. Ndinayamba kusintha mapasiwedi onse pa laputopu yomweyo. Imelo, GitHub (tsamba losungirapo ma repo), akaunti ya kubanki, zonse. Ndinatha pafupifupi maola awiri ndikulembera mbava mapasiwedi atsopano.

Masana ndinaimbira mkulu wina wa ku Blantyre yemwe anandiphunzitsa ntchitoyi ndili wamng'ono. Ndinamufotokozera zonse mosokonekera.

"Iwe mphwanga, laputopuyo ili pa intaneti panopa?"

"Eya akulu, ndikusintha mapasiwedi."

"Zimitsa Wi-Fi pompano. Usalembeponso kanthu. Mapasiwedi omwe wasinthawo uwasinthenso, koma pa foni kapena pa kompyuta ya munthu wina. Sabata ino wayendetsa code ya ndani?"

Nditatchula za mayeso aja anangoti "aaa," kwa nthawi yaitali. Anandiuza kuti nditsegule foda ija, intaneti ili yozimitsa, ndipo tinayamba kuyang'ana limodzi pa foni, ine ndikumuwerengera. Mu package.json, fayilo yomwe npm imawerengamo zoti ichite, munalibe chodabwitsa. Tinadutsa mafayilo a seva limodzilimodzi. Pa fayilo ina ya zokonzera, ya mizere yosakwana makumi atatu, anandifunsa ngati kamzere koyendetsera tsamba cham'mbali kakuoneka pansi pa sikirini. Kankaonekadi, kakang'ono kwambiri, kusonyeza kuti mzere wina ndi wautali zedi.

"Yatsa word wrap."

Word wrap imapinda mizere yaitali kuti ioneke yonse. Nditayatsa, fayilo yaifupi ija inadzaza sikirini yonse. Kumapeto kwa mzere womaliza, wooneka wabwinobwino, anaikako mipata yopanda kanthu yambirimbiri, n'kukankhira kutali kumanja chimulu cha zilembo ndi manambala osawerengeka, zinthu ngati _0x zobwerezabwereza. Munthu wowerenga mwachizolowezi sangazione, chifukwa zili kunja kwa sikirini. Ndinakhala chete ndikuyang'ana chinthucho. Chinali pa kompyuta yanga masiku anayi, ndipo ndine amene ndinachidzutsa ndi npm run dev.

Mkulu uja anandiuza kuti chinyengo chamtunduwu chili ndi dzina. Mu Novembala 2023 gulu lofufuza la Unit 42 la kampani ya Palo Alto Networks linalemba za achiwembu olumikizidwa ndi North Korea omwe amadzionetsa ngati osaka antchito pa masamba monga LinkedIn, n'kupatsa olemba mapulogalamu mayeso abodza. Anachitcha Contagious Interview. Code yobisika ya JavaScript, yomwe anaitcha BeaverTail, imasesa mapasiwedi osungidwa mu browser ndi zikwama za crypto monga MetaMask, kenako imakoka ina ya Python yotchedwa InvisibleFerret, yomwe imatsegulira mbava khomo lakumbuyo kuti zizitenga mafayilo ndi kuwerenga zomwe ukulemba. Kayendedwe ka zomwe zinandichitikira kanali komweko. Crypto ndinalibe, n'chifukwa chake mwina anangotola zomwe anapeza: kiyi ya seva ndi mapasiwedi.

Chovuta kuposa zonse chinali kuwauza mayi aja. Ndinaganiza zongochotsa kapulogalamu kaja mwakachetechete n'kunena kuti linali vuto la seva. Koma mu seva imeneyo munali maina, manambala a foni ndi maimelo a alendo awo, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinawaimbira madzulo.

"Mayi, vuto lija lachokera kwa ine. Kompyuta yanga inalowedwa, ndipo akuba anatengamo kiyi ya seva yanu. Ndimanga seva ina yatsopano, sindikulipiritsani. Koma alendo anu akuyenera kudziwitsidwa kuti asakhulupirire uthenga uliwonse wowapempha ndalama m'dzina lanu."

Anakhala chete pang'ono. "Ndiye ndalama za alendo zabedwa?"

"Ayi mayi, zolipira sizidutsa mmenemo. Koma maina ndi manambala awo mwina awaona."

"Chabwino achimwene. Mwachita bwino kunena. Konzani, Lachisanu tili ndi gulu lalikulu."

Sanandichotse ntchito, koma kwa miyezi ingapo mawu awo pa foni sanali ngati kale.

Sabata yonse yotsatira inathera pa kukonza. Ndinabwereka kompyuta ya mlamu wanga, n'kusinthirapo mapasiwedi kachiwiri. Ndinafafaniza makiyi onse a SSH, njira yolowera mu seva uli patali, ndi ma token, omwe ndi zilolezo zolowera pa GitHub, n'kupanga atsopano okhala ndi pasiwedi. Pa akaunti iliyonse ndinadina potulutsa zipangizo zonse zomwe zalowa, chifukwa wakuba akatenga ma cookie a browser, timafayilo tokumbutsa tsamba kuti unalowa kale, amatha kulowa ngati iwe osafunsidwa pasiwedi kapena nambala yotsimikizira yobwera pa foni. Makasitomala ena anayi ndinawasinthira mapasiwedi a database omwe anali m'mafayilo a .env pa laputopu. Laputopuyo ndinaipukuta yonse n'kuikamo dongosolo latsopano. Seva ya mayi aja sindinaiyeretse, ndinamanga ina, chifukwa nyumba yomwe mbava yagonamo masiku atatu sungadziwe kuti yasiya zenera liti lotsegula.

Zitatha izi ndinakhala pansi kuwerenga za Git mozama, chinthu chomwe sindinachitepo m'zaka zonse zomwe ndakhala ndikuigwiritsa ntchito. Funso langa linali loti kodi clone yokhayo ndi yoopsa, kapena choopsa ndi zomwe umachita pambuyo pake?

Opanga Git anaganizirapo kale za nkhaniyi. Mu repo iliyonse muli foda yobisika ya .git, ndipo mkati mwake muli fayilo ya config ndi foda ya hooks. Ma hook ndi timapulogalamu tomwe Git imayendetsa yokha pa nthawi zina, monga post-checkout yomwe imadzuka mafayilo akangoikidwa m'malo mwake. Zikanakhala kuti git clone imakopera ma hook a eni repo, aliyense akanatha kuyendetsa chilichonse pa kompyuta yako. Choncho mwadala clone sikopera hooks kapena config. Malinga ndi mapangidwe ake, kutenga kokha sikuyenera kuyendetsa kanthu.

Koma mpanda umenewu wabooledwapo kangapo. Mu Disembala 2014 kunapezeka kuti pa Windows ndi pa Mac, pomwe makina saona kusiyana kwa zilembo zazikulu ndi zazing'ono m'maina a mafayilo, munthu ankatha kuika foda yotchedwa .Git mu repo yake, ndipo ikafika kwa iwe inkalemba pamwamba pa .git yeniyeni. Mu Ogasiti 2017 linali vuto la linki ya ssh yopangidwa mwaukathyali, lomwe linakhudza Git ndi mapulogalamu anzake, Mercurial ndi Subversion, nthawi imodzi. Mu Meyi 2018 linali la maina a ma submodule, omwe ndi ma repo okhala mkati mwa repo ina. Ndipo mu Meyi 2024, miyezi iwiri yokha zanga zisanachitike, kunatuluka vuto lomwe analipatsa nambala ya CVE-2024-32002: repo yokhala ndi submodule ndi symlink (fayilo yongoloza kwina), yokonzedwa mochenjera, inkanyenga Git pa Windows ndi Mac kuti ilembe hook mkati mwa .git n'kuiyendetsa clone isanathe n'komwe, munthu usanaone fayilo ngakhale imodzi. Zinkafunika kuti ulembe clone yotenga ma submodule, ija ya --recurse-submodules, yomwe ma README ambiri, mafayilo a malangizo a mu repo, amakuuza kuti ungokopera. Anakonza mu Git 2.45.1 ndi m'ma version ena akale tsiku lomwelo. Nditalemba git --version pa kompyuta ya mlamu wanga ndinapeza Git ya zaka zitatu zapitazo. Ambiri timaika Git kamodzi tsiku logula laputopu, osaikhudzanso.

China chomwe chinandidzidzimutsa ndi nkhani ya zip. Kuno timakonda kupatsana mapulojekiti pa flash kapena pa WhatsApp ngati zip, pofuna kupulumutsa bandulo. Zip yotere ingathe kubwera ndi foda ya .git yathunthu, config ndi hooks zili momwemo, ndiye chitetezo chija cha clone palibe. Mu config muli mzere wotchedwa core.fsmonitor womwe ungathe kuloza pulogalamu iliyonse, ndipo Git imaiyendetsa ukangolemba git status. Choipa n'chakuti ma terminal (mawindo olembamo malamulo) ambiri okongoletsedwa, aja oonetsa pambali dzina la nthambi ya code yomwe ulipo, amayendetsa git status okha ukangolowa mu foda. Ma editor enanso amatero. Mu Epulo 2022 Git inayamba kukana kugwira ntchito mu foda yomwe mwini wake pa makinawo ndi munthu wina, uthenga uja wa dubious ownership womwe ambiri timaukwiyira n'kuuzimitsa ndi safe.directory. Koma zip yomwe wamasula wekha mwini wake ndiwe, ndiye chenjezo limenelo silibwera.

Komabe kunena zoona, ine sanandigwire ndi luso lozama ngati limenelo. Sanafunikire kuboola Git. Anangondipempha kuti ndiyendetse code yawo, ine n'kuvomera. Zitseko zake ndi zambiri ndipo zonse timazidziwa: npm install imayendetsa zomwe zalembedwa pa preinstall ndi postinstall, pip ingathe kuyendetsa setup.py, make imachita zomwe Makefile yanena. Mu Januwale 2021 Google inachenjeza za achiwembu omwe ankatumizira akatswiri ofufuza za chitetezo pulojekiti ya Visual Studio yomwe inkayendetsa code yoipa munthu akangoimanga. Ngati anakola anthu omwe ntchito yawo ndi yosaka misampha, nanga ine wa mawebusayiti a malo ogona? VS Code nayo, pulogalamu yomwe timalemberamo code, kuyambira 2021 imafunsa ukatsegula foda yachilendo ngati ukuwakhulupirira omwe analemba mafayilowo. Funso limenelo ndinali nditaliyankha kuti eya kambirimbiri osaliwerenga. Likufunsa chinthu chenicheni, chifukwa mu foda ya .vscode mungathe kukhala tasks.json yolamula kuti chinachake chiyambe foda ikangotsegulidwa.

Masiku ano code ya munthu yemwe sindikumudziwa siyandikira laputopu yogwirira ntchito. Ndinagula ina yakale yotsika mtengo, ya batire lakufa, yomwe ilibe akaunti yanga iliyonse, ndipo mkati mwake ndimayendetsa makina ongoyerekeza a VirtualBox, kompyuta yongopeka yotsekeredwa mkati mwa yeniyeniyo, omwe ndimawabwezera pa chiyambi ndikamaliza. Amene simungakwanitse yachiwiri, makina ongoyerekezawo pa laputopu yanu yomweyo ndi abwino kuposa kungoyendetsa poyera, bola musawalumikize ndi mafoda anu enieni. Ndisanatenge repo ndimayamba ndaiwerenga pa browser. Ndimatsegula package.json n'kuona gawo la scripts, ndimaona ngati muli .gitmodules kapena .vscode, ndimayang'ana mafayilo omwe kukula kwake sikukugwirizana ndi kuchuluka kwa mizere yake. Fayilo ya mizere makumi atatu siyenera kulemera ngati buku. Ndimatenga popanda ma submodule, ndipo ndimalemba npm install --ignore-scripts, ngakhale ndikudziwa kuti zimenezo sizikanandipulumutsa tsiku lija, poti yanga inadzuka pa npm run dev.

Nyenyezi za pa GitHub ndinasiya kuzikhulupirira, zimagulidwa. Dzina la wolemba commit, kusintha kolembedwa mu mbiri ya repo, nalonso munthu angathe kulemba lililonse, ngakhale la Linus Torvalds, chifukwa Git imangotenga lomwe waiuza mu config. Ndipo pali ena omwe amakopera repo yotchuka, kuikamo code yoipa, n'kuibwezera pa intaneti ndi dzina losiyana chilembo chimodzi, kudikira wothamanga.

Za Git yokha, ndimaisintha ikangotuluka yatsopano. Pa Ubuntu nambala ya version ingaoneke yakale pomwe zokonza zachitetezo analowetsamo kale, bola uzichita apt upgrade. Pa Windows ndiye palibe amene angakuchitire, uyenera kukumbukira wekha.

Pali anyamata awiri omwe ndimawaphunzitsako Loweruka. Mmodzi anandifunsa ngati zonsezi si kuchulutsa mantha, poti ntchito yathu yonse yagona pa code ya anthu omwe sitinawaonepo. Ananena zoona. Pulojekiti wamba ya React imakoka ma package, tizigawo ta code ta anthu ena, mazanamazana, ndipo palibe amene amawawerenga onse. Mu 2018 package yotchuka ya event-stream inapatsidwa kwa wosamalira watsopano yemwe anaikamo code yobera zikwama za Bitcoin za Copay. Mu Malichi 2024 Andres Freund anatulukira khomo lobisika mu xz, pulogalamu yopanikiza mafayilo ya pa Linux, atangodabwa kuti kulowa kwa SSH kukuchedwa ndi theka la sekondi. Zotere sindingaziletse ndili pabalaza pano. Chomwe ndinamuyankha n'chakuti pali kusiyana pakati pa code yomwe anthu zikwizikwi akuiyang'ana tsiku ndi tsiku ndi repo ya masiku asanu yomwe mlendo wakutumizira iwe wekha, n'kukuuza kuti uiyendetse usiku uno.

Mu Febuluwale chaka chotsatira uthenga wina unabwera, kuchokera kwa munthu wina, kampani ina, koma nyimbo yake yomweyo: madola, crypto, kamayeso kakang'ono. Ndinamuyankha mwaulemu kuti code ndiiwerenga pa browser ndipo ndimufotokozera pa vidiyo momwe ndingakonzere vutolo, koma sindiiyendetsa pa makina anga. Anaumirira kuti kampani imafuna kuona pulogalamu ikuyenda pa kompyuta yanga yeniyeni, osati pa makina ongoyerekeza. Ndinatsegula repo yake pa browser, ndikumwa tiyi, n'kupita molunjika ku mafayilo a zokonzera. Pa fayilo yachitatu kamzere kaja kanali pansi pa sikirini, kakang'ono ngati njere ya mpunga. Ndinajambula chithunzi, ndinakanena repoyo kwa eni tsamba, n'kutumiza chithunzicho ku Blantyre. Mkulu uja anayankha ndi mawu awiri okha: "Wakula mphwanga."